Kuika DCC pa kanjanji kanga ka OO: zolemba za masabata asanu

Loweruka, sabata yoyamba

Ntchito ndayiyamba lero, ndipo ndagula kope loti ndizilembamo chilichonse chimene ndakhudza. Kanjanji kanga kali mu shedi kuseri kwa nyumba kuno ku England. Ndi thabwa la mamita 2.4 m'litali ndi 1.2 m'lifupi, mzere umodzi wozungulira, wina wopatukira pa siteshoni, mphambano zinayi ndi kanjira kosungirako mabogi. Saizi yake ndi OO, imene yafala kwambiri kuno. Chilichonse n'chochepetsedwa ka 76, ndipo pakati pa zitsulo ziwiri za njanji pali mamilimita 16.5.

Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuyendetsa ndi DC, magetsi oyenda mbali imodzi. Ukapotokola kontrola magetsi amakwera panjanji, ndipo mutu wa sitima uliwonse umene uli pamenepo umanyamuka, ufune usafune. Mwana wanga wamkazi watopa n'kudikira kuti ine ndimalize ndiye ayendetse yake. Iyeyo ndi amene wandikankhira ku DCC (Digital Command Control), njira yoyendetsera mutu uliwonse pawokha pa njanji imodzi.

Pa DCC magetsi amakhala panjanji nthawi zonse, koma amatembenuka mbali kambirimbiri pa sekondi, ndipo uthenga umabisala m'kutalika kwa kutembenukako. Kakafupi, ka ma microsecond 58, ndi 1. Kakatali, ka 100 kapena kuposa, ndi 0. M'mutu uliwonse mumakhala dikoda yokhala ndi adilesi yakeyake, ndipo imangomvera uthenga umene wayamba ndi adilesi imeneyo. Njirayi inachokera kwa Bernd Lenz wa ku Germany, ndipo bungwe la NMRA la ku America linaitenga kukhala muyezo m'zaka za m'ma 1990. N'chifukwa chake dikoda ya kampani iyi imamvera makina a kampani ina.

Makina otumiza uthenga sindinagule okonzakonza. Ndamanga a DCC-EX, amene pulogalamu yake ndi yaulere: kakompyuta kakang'ono ka Arduino Mega, pamwamba pake motor shield (bolodi yopereka magetsi ku njanji), ndi magetsi a 15V. Ndadula kaye kanjira ka Vin kunsi kwa shield kuti 15V isalowe mu Arduino. Potulukira A ndi pa njanji yaikulu, B ndi pa njanji yopangira pulogalamu. Pa laputopu ndaika JMRI, pulogalamu yoyendetsera sitima ndi kukonzera madikoda.

Madzulo ndayatsa, tinyali ta pa shield tayaka. Ndaika mita panjanji ili pa DC, yaonetsa pafupifupi ziro, mtima unagunda. Kenako ndinakumbukira kuti magetsiwa amatembenuka, ndiye mita ya DC singaone kanthu. Pa AC, poyesera magetsi otembenuka, yaonetsa nambala, ngakhale si yoidalira kwenikweni, chifukwa mita wamba anaipangira magetsi a m'nyumba a 50Hz, osati a liwiro la DCC. Komabe imathandiza poyerekeza malo awiri panjanji.

Ndaikapo Class 37, mutu wa dizilo, imene ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito pa chionetsero, pabokosi atalemba kuti ili ndi dikoda. Ndasankha adilesi 3, popeza dikoda yatsopano iliyonse imabwera ndi 3. Zii. Nyali osayaka, mota osalira. Ndatseka shedi.

Lachiwiri

Cholakwa cha Loweruka chinali kuganiza kuti dikoda yogula kwa munthu ili ngati ya m'sitolo. Mwini wake wakale anali ndi njanji yake ndi manambala ake.

Ndakhomera kanjanji ka masentimita 60 pa kathabwa kapadera n'kukalumikiza ku B. Njanji yopangira pulogalamu ndi malo okhawo pamene makina anga angafunse dikoda mafunso n'kuyankhidwa. Mayankhidwe ake ndi osangalatsa kuwaona. Makina amafunsa kuti kodi nambala yako ndi yakuti, ndipo ngati yankho lili inde, dikoda imakoka magetsi pafupifupi 60mA kwa ma millisecond 6 pogwedeza mota pang'ono. Ukayang'anitsitsa umaona mutuwo ukunjenjemera n'kusuntha pang'onopang'ono. Kunjenjemera kumeneko ndiye kulankhula kwake.

Poyamba JMRI yandibwezera nambala 308, kutanthauza kuti sitima sinayankhe. Ndinayamba kuganiza kuti dikoda ndi yakufa. Ndisanatsegule thupi ndinatembenuza mutuwo chagada pa siponji, ndipo mawilo onse anali ndi mzere wakuda wa litsiro louma, wonyezimira ngati utoto moti sindinauzindikire pogula. Ndanyowetsa kansalu ndi sipiriti wa isopropyl, ndayala panjanji, n'kupukutirapo mawilo mpaka kansaluko kanasiya kuda. Ndawerenganso, ndipo mutu unanjenjemera.

Zimene ndapeza ndi izi. Dikoda imasunga makonzedwe ake m'timabokosi totchedwa CV, kalikonse ndi nambala yake. CV1, ya adilesi yaifupi, inalidi 3. Koma CV29 inali 38, ndipo mu 38 muli 32, amene amauza dikoda kuti isiye adilesi yaifupi n'kumamvera yaitali ya mu CV17 ndi CV18. Ndiye Loweruka lonse lija ndimaitana dzina limene mutuwo unasiya kuyankha kalekale.

CV29 imasokoneza oyamba kumene chifukwa si nambala imodzi, ndi masiwichi angapo ophatikizidwa. 1 amatembenuza kolowera, 2 amasankha masitepe a liwiro 28 kapena 128 m'malo mwa 14, 4 amalola mutu kuyenda pa DC, 8 ndi RailCom (njira yoti dikoda iziyankha ili panjanji yaikulu), 16 ndi tebulo la liwiro, 32 ndi adilesi yaitali. Umaphatikiza amene ukufuna. 38 ndi 32, 4 ndi 2.

Ndaipatsa adilesi 3725 kuti ndizikumbukira kuti ndi Class 37. JMRI imawerengera yokha, koma ndinafuna kumvetsa, ndiye ndinawerenga pamanja: 3725 kugawa ndi 256 ndi 14, kutsala 141. CV17 ndi 192 kuwonjezera 14, kukhala 206. CV18 ndi 141.

Panjanji yaikulu nyali zinayaka nditadina F0, batani la nyali, koma mutu osasuntha. Apa ndinataya ola lathunthu. Nyali kumvera ndiye kuti adilesi ili bwino, ndipo mota inanjenjemera powerenga ndiye kuti ndi yamoyo. Chotsala chinali CV19. Inali 12. Mwini wakale ankaumangiriza ndi mutu wina kuti ziziyendera limodzi, ndipo CV19 ikakhala ndi nambala, dikoda imamvera za liwiro pa nambala imeneyo yokha, pamene nyali zimamverabe adilesi yake. Ndalemba 0, mutu unanyamuka.

Ndikanatha kungoibwezera ku makonzedwe a kufakitale. Pa madikoda ambiri umalemba 8 mu CV8, ngakhale a Lenz amafuna 33 ndipo a NCE umalemba 2 mu CV30. Ukawerenga CV8 imakuuza wopanga: 151 ndi ESU, 145 ndi Zimo, 129 ndi Digitrax, 99 ndi Lenz. Sindinafufute chifukwa mwini wakale anali atakonza bwino mayendedwe a mota, ndipo sindinafune kutaya ntchito yake. Ndasunga ma CV onse mu JMRI ndisanasinthe china chilichonse.

Loweruka, sabata yachiwiri

Lero lonse lathera pansi pa thabwa.

Masiku apitawa Class 37 imayenda, koma imamva mwa apo ndi apo. Ndikaiuza kuti iime imapitirira mpaka pa kona ndiye n'kuima. Kawiri, nditangoyatsa magetsi, inaphulika liwiro lonse popanda kuiuza, ndipo kachiwiriko ndinaigwira ndi dzanja itatsala pang'ono kugwera pa simenti.

Lachinayi ndinapita ku kalabu ya m'dera lathu n'kufotokozera bambo wina wachikulire amene wakhala pa ntchitoyi zaka zambiri. Sanafunse za CV ngakhale imodzi. Anangofunsa kuti magetsi amalowa bwanji panjanji yanga. Nditawauza kuti ndikugwiritsabe ntchito kakilipi kamene kanabwera ndi seti ya DC, anati ndikatsegule. Ndakatsegula lero, ndipo mkati muli kapasita wamng'ono wolumikiza mbali ziwiri. Pa DC ntchito yake ndi yabwino, amaletsa mota kusokoneza wailesi ndi TV. Pa DCC amafafaniza m'mphepete mwa uthenga uja, ndiye dikoda imalephera kusiyanitsa 1 ndi 0. Dikoda ikalephera kumva DCC, ndipo 4 uja mu CV29 ali woyatsa, imaganiza kuti ili pa DC ya magetsi odzaza, n'kuthamanga. Ndachotsa kakilipiko, ndipo CV29 ndaisintha kukhala 34. Kuthawa kwatha.

Bambo aja anandiuzanso za kuyesa ndi khobidi. Umagoneka khobidi pa zitsulo zonse ziwiri kuti pachitike shoti, ndipo makina ayenera kuzimitsa magetsi nthawi yomweyo. Pafupi ndi polowera magetsi anazimitsadi. Tsidya lina la thabwa, kuseri kwa siteshoni, ndinagoneka khobidi n'kudikira, makina osazindikira kanthu. Nditagwira kachitsulo kolumikizira njanji pafupi pomwepo, kanali kotentha.

Chimenechi chandiopsa kuposa kuthawa kwa sitima. Magetsi amafika kumeneko atadutsa m'tizitsulo tolumikizira topitirira khumi, kalikonse kakudya pang'ono, moti shoti ikachitika magetsi okokedwa sakwana kuti makina aione. Amangopitiriza kuthira, ndipo chimene chikutentha ndi gudumu la sitima kapena pulasitiki ya njanji. Pa DC sindinazione chifukwa sitima imangochepetsa liwiro kumeneko ndipo ndinazolowera.

Ndakoka mawaya awiri okhuthala a 1.5mm², wofiira ndi wakuda, kuzungulira pansi pa thabwa. Kuchokera kumeneko ndakweza timawaya tating'ono n'kuwotcherera kunja kwa chitsulo cha njanji, pafupifupi pa chidutswa chilichonse. Ndaboola mabowo 36. Lamulo ndi limodzi: wofiira ku chitsulo chakunja, wakuda ku chamkati, kuzungulira konse. Ndimawotcherera awiri, n'kuyesa ndi mita ngati palibe shoti, ndiye n'kupita pa ena awiri. Ukawotcherera onse kenako n'kupeza shoti, suudziwa waya wolakwa. Msana ukuwawa, koma khobidi tsopano likuzimitsa makina paliponse pamene ndaligoneka.

Pomaliza ndapukuta njanji yonse ndi sipiriti. Sandipepala sindimufuna pamenepa, amasiya timizere timene timasunga litsiro.

Lamlungu, sabata yachitatu

Mutu wa mwana wanga ndi Class 08, kadizilo kokankha mabogi ka mawilo asanu ndi limodzi. Pabokosi analemba DCC Ready, kutanthauza kuti muli soketi koma mulibe dikoda. Ndinayamba ndauyendetsa pa DC mphindi makumi awiri mbali iliyonse pa kanjanji kapadera, chifukwa dikoda sichiritsa mota yodwala.

Soketi yake ndi ya mapini 8, ya NEM 652. Ndazula kapulagi kotsekera, ndalowetsa dikoda, ndawerenga pa njanji yopangira pulogalamu, yayankha 3. Ndaipatsa 8. Poyendetsa, kutsogolo kunali kumbuyo. Ndinatsala pang'ono kuwonjezera 1 mu CV29, zimene zikanabisa vutolo, koma ndinatsegulanso n'kupeza kuti pulagi ndailowetsa chozondoka. Pini 1 ndi ya waya wa olenji, ndipo pa bolodi pali kachizindikiro kakang'ono pamene iyenera kulowa. Pulagi imeneyi anaipanga mwanzeru moti ukaizondotsa palibe chopsa, mutu umangoyenda chobwerera, ndipo pa mitu yokhala ndi nyali, nyalizo siziyaka. Ndaitembenuza.

Vuto lenileni linali pa mphambano. Pa liwiro lochepa kamutuka kamafika pamene zitsulo ziwiri zimakumana, pa frog, n'kuima. Mwana anati, "Adadi, yafanso?" Ndinamuuza kuti aikhudze ndi chala pamwamba. Atangoikhudza inanyamuka. Sitima imene imadzuka ukaikhudza ilibe vuto la pulogalamu, yangosowa magetsi.

Mphambano zanga ndi za frog ya pulasitiki, ndiye gudumu limodzi likaponda pamenepo silitenga magetsi. Pamatsala awiri mbali imeneyo, ndipo amayenera kukwanira. Ndaugoneka chagada, ndalumikiza mawaya awiri ku B, n'kumakhudzitsa mawilo awiriawiri ndikuwerenga CV. A kutsogolo anayankha, a kumbuyo anayankha, a pakati ayi. Nditayang'ana ndi galasi lokulitsa ndinaona kuti kachitsulo kopyapyala kokhuza kumbuyo kwa gudumu la pakati kanapindika, ndipo gudumu likasunthira mbali imodzi pamatsala mpata woti pepala n'kulowa. Pansi pa kena panali kaubweya kozungulira ekiselo. Ndachotsa ubweya ndi kopanira, ndapinda kachitsulo pang'ono kwambiri.

Mphambano zitatu wadutsa bwino. Yachinayi amaimabe. Ndagoneka lula yachitsulo pamwamba pake magetsi atazimitsidwa, ndipo imagwedera: msomali umene ndinakhomera pakati unakoka mphambanoyo n'kuipinda, moti mutu ukafika umatsamira pa frog mawilo ena atayandama. Ndazula msomali, ndaika kakatoni kopyapyala pansi. Wadutsa.

Anthu ambiri akanathamangira kugula stay-alive, kapasita amene amasunga magetsi kuti dikoda idutse pamalo opanda magetsi. Ndi chinthu chabwino ndipo mwina ndidzaika, koma ndikanamuika poyamba, kachitsulo kopindika kaja kakanakhalabe kopindika osadziwika. Ma stay-alive ena amavutitsanso powerenga ma CV, chifukwa amameza magetsi a panjanji yopangira pulogalamu.

Lachisanu, sabata yachinayi

Ndawotcha dikoda. Ndilemba mmene zinachitikira mosabisa, chifukwa zinali zopeweka.

Mutu wachitatu ndi wa malasha, wakale, wopangidwa DCC isanabwere, ndipo mulibe soketi. Ndi woyamba umene ndinagula nditafika kuno, n'chifukwa chake ndimaufuna panjanji. Pamafunika kuwotcherera mawaya anayi: wofiira ku mawilo a kumanja, wakuda ku a kumanzere, wa olenji ndi wotuwa ku mbali ziwiri za mota. Chofunika kuposa zonse n'chakuti mota isakhudzane ndi njanji mwa njira ina iliyonse kupatula kudzera mu dikoda.

Ndinadula waya wakale wochokera ku mawilo, ndinawotcherera anayiwo mwaukhondo, ndipo poti kunali kutada ndiponso kukuzizira, ndinauika molunjika panjanji yaikulu. Kunamveka kaphokoso kakang'ono, kenako fungo la pulasitiki yopsa. Pa dikoda panatuluka kachithuza pa kachipangizo kamodzi kakuda. Kuthamanga sikufika, ndipo ndinali ndikudziwa bwino lomwe kuti njanji yopangira pulogalamu ili ndi magetsi ochepa dala kuti cholakwa chotere chioneke chisanawononge kanthu. Inali pambali panga pomwepo.

M'mawa mwake ndinatenga mita n'kuiika poyesa kulumikizana. Bulashi imodzi ya mota ndi mawilo: chete. Bulashi inayo ndi mawilo a mbali imodzi: mita inalira. Pa mitu yakale yambiri mbali imodzi ya magetsi siyenda m'waya, imadutsa m'chitsulo cha chesisi, n'kukafika ku bulashi kudzera mu sipuling'i imene imaikankha. Waya wooneka ndinadula, koma njira yosaonekayi inatsala, ndiye magetsi a njanji analowa mu dikoda kudzera potulukira mota.

Ndaveka sipuling'iyo kachubu kapulasitiki kochotsa pa waya kuti izikankha bulashi popanda kuikhudza chitsulo kwa chitsulo. Ndayesanso bulashi iliyonse ndi gudumu lililonse ndi chesisi, ndikugwedeza mawilo uku ndi uku. Chete ponse. Ndayesanso magetsi amene mota imakoka ikagwidwa kuti isazungulire pa 12V ya DC, kwa sekondi imodzi yokha, chifukwa mota zakale zimadya kwambiri ndipo dikoda iyenera kupirira nambala imeneyo. Yatsala pansi pa 1A, ndiye dikoda ya 1A ikwana.

Dikoda yachiwiri yafika dzulo. Chitsulo cha chesisi pamene ikhale ndachimata tepi ya Kapton yosadutsa magetsi, koma dikodayo sindinaikulunge, imafuna mpweya kuti isatenthe. Ndawotcherera, ndayesa ndi mita, ndauika pa njanji yopangira pulogalamu thupi lisanavalidwe, yayankha 3. Ndauveka thupi n'kuwerenganso, kuopa kuti mwina lapana waya. Yayankhanso 3. Apo m'pamene ndinaupititsa panjanji yaikulu.

Loweruka, sabata yachisanu

Lero linali la kukonza mayendedwe, ndipo ndachita CV imodzi imodzi, kulemba nambala yakale m'kope kenako yatsopano. Wa malasha sumanyamuka mpaka sitepe yachisanu ndi chiwiri, kenako n'kudumpha. Ndakweza CV2, ya magetsi oyambira, pang'onopang'ono mpaka unayamba kukwawa pa sitepe yoyamba. Class 08 imathamanga ngati ya pasenjala, pamene yeniyeni sipitirira mamailosi 15 kapena 20 pa ola, ndiye ndatsitsa CV5, ya liwiro lapamwamba, ndi theka, ndipo CV6, ya liwiro lapakati, molingana. Mu CV3 ndi CV4, za kunyamuka ndi kuima mwapang'onopang'ono, ndaika manambala ang'onoang'ono. Pa thabwa lalifupi chonchi nambala yaikulu imachititsa sitima kupitirira siteshoni, ndipo mwana amaganiza kuti yasiya kumvera.

Ndaika Engine Driver, pulogalamu yoyendetsera sitima, pa foni yakale ya Android, yolumikizana ndi JMRI pa WiFi ya m'nyumba. Mwana watenga foni ndi 08 yake, ine laputopu ndi 37. Iye amasankha mabogi m'kanjira kosungira, ine ndikuzungulira, ndipo pamene ndimafika pa siteshoni anakweza dzanja n'kunena kuti, "Adadi dikirani kaye, ndikutuluka." Ndinaima, iye anadutsa ndi mabogi atatu, nyali za 37 zili chiyakire pamene yaimapo. Amayi ake anabwera kudzatiitana chakudya n'kukhala nawo pa khomo la shedi mpaka sitima zonse zitabwerera m'malo mwake.

Chotsala ndi chimodzi. Class 37 ikamadutsa pa mphambano ya kumanzere kwa siteshoni, nthawi zina pamathetheka kamoto ndipo makina amazimitsa kwa kanthawi. Ndazimitsa nyali ya mu shedi n'kuyang'ana mumdima: kamotoko kakutuluka kumapeto kwa frog, pamene zitsulo ziwiri za mbali zosiyana zimayandikana kwambiri, ndipo gudumu lotambalala limakhudza zonse ziwiri nthawi imodzi. Ndayeza mpata wa kumbuyo kwa mawilo, umene pa OO uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 14.5, ndipo ekiselo imodzi ndi yopanikizika. Ndiyamba ndi imeneyo Lachiwiri geji yake ikafika. Kamoto kakapitirira ndipaka polishi wa zikhadabo woonekera pa nsonga za zitsulo ziwirizo, mamilimita awiri kapena atatu okha, ndiyesenso ndi 37 yomweyo pa liwiro lomwelo.